Galimoto Ikamataya Madzi Kapena Breather Ikatha: Mafunso ndi Mayankho kwa Okonza Pakhomo

Awa ndi mafunso omwe eni galimoto zochokera ku Japan amafunsa mobwerezabwereza pa nkhani ya kuchucha kwa madzi oziziritsa injini ndi ya breather, njira yotulutsira utsi wolowa kumene kuli oyilo mu injini. Zitsanzo zambiri pano ndi za injini ya Toyota ya 1NZ-FE ya malita 1.5 ndi mng'ono wake 2NZ-FE wa malita 1.3, zomwe mumazipeza mu Probox, Sienta, IST, Vitz ndi Corolla. Zambiri zikugwiranso ntchito pa injini zina za petulo.

Madzi akumatsika m'kathanki. Kodi si mmene galimoto zimachitira zikakalamba?

Ayi. Madzi oziziritsa injini amazungulira m'njira yotsekeka. Amachoka mu injini kudzera pa paipi yapamwamba, amatsika m'rediyeta, amabwerera pa paipi yapansi, pampu n'kuwakankhanso. Akatentha amafufuma, otsalira n'kupita m'kathanki kapulasitiki ka pambali, ndipo injini ikazizira amayamwidwa kubwerera. N'chifukwa chake mulingo mumauona m'mawa musanalize, ndipo uyenera kukhala pakati pa LOW ndi FULL.

Kutsika pang'ono patatha miyezi yambiri si vuto. Koma ngati mwafika poyenda ndi chigubu kumbuyo n'kumathira mlungu ndi mlungu, galimotoyo ikuchucha ndithu. Injini zimenezi zimanyamula madzi pafupifupi malita 5 okha, ndipo head yake, chigawo chapamwamba cha injini, ndi ya aluminiyamu, yomwe imapindika ikapsa kamodzi kokha mokwanira. Kapaipi kotchipa komwe mwakazengereza lero ndi komwe kadzakugulitseni gasiketi ndi kukulipiritsani okwecha head.

Kapu ya rediyeta ndingaitsegule nthawi yanji?

Injini ikazizira mpaka mutha kugwira paipi yapamwamba ndi dzanja, n'kuifinya ili yofewa. Madzi a m'katimo amatha kupitirira 100°C osawira chifukwa cha pulesha, ndiye mukangotsegula amasanduka nthunzi nthawi yomweyo n'kukuthirani kumaso ndi m'manja. Ngakhale itazizira, ikani chinsanza chokhuthala pa kapuyo, mupotoze pang'ono mpaka pomwe imakodwa koyamba, mpweya utuluke, kenako mumalize. Samalaninso ndi fani yamagetsi, imayamba yokha osachenjeza.

Ndipeza bwanji pomwe pakuchucha?

Apa ndi pofunika kudekha, chifukwa anthu ambiri amagula rediyeta yatsopano pamene vuto linali kilampu. Madzi akatuluka amatsetsereka m'zitsulo, ndipo mphepo ya fani imawamwaza, choncho pomwe akudonthera pansi si pomwe atulukira.

Yambani ndi kupukuta injini kuti iume. Madzulo yalani katoni pansi pake, m'mawa muone dontho lili mbali iti komanso la mtundu wanji. La coolant, madzi oziziritsa injini osakaniza ndi mankhwala, limakhala la pinki, lofiira kapena lobiriwira, loterera pang'ono m'zala, la fungo lotsekemera. Madzi oyera opanda fungo odontha cha kumbuyo kwa injini mukakhala munayatsa AC, amenewo musade nawo nkhawa. Kenako tengani tochi mutsatire kunyowako chokwera mpaka pomwe kwathera. Coolant ikauma imasiya nkhanambo yotuwa kapena ya pinki, ndipo nkhanamboyo ndi mboni yabwino kuposa dontho lenilenilo. Kuti muone kunsi kwa mapaipi, kagalasi kodziyang'anira ndi pepala loyera lopisa pansi pa polumikizira zimathandiza kwambiri.

Pena pamachucha injini ikatentha, pena ikazizira raba atafota. Muyang'ane nthawi zonse ziwiri. Ngati sizikuonekabe, magalaja ena ali ndi kapampu kopopera pulesha m'rediyeta injini ili chizimire. Amapopa mpaka pa nambala yolembedwa pa kapu, osapitirira, n'kudikira mphindi 10 kapena 15. Geji ya kapampuko ikamatsika, pomwe pabooka pamadziulula pokha.

Malo omwe amakonda kuchucha ndi ati?

Oyamba ndi thanki yapamwamba ya rediyeta. Ndi yapulasitiki, yomangidwa pa aluminiyamu ndi timano topinda. Ikadali bwino imakhala yakuda, koma ikayamba kusanduka yofiirira ndiye kuti yapsa ndi zaka, ndipo posachedwa ing'aluka pafupi ndi khosi kapena motsata timano tija. Pa galimoto zina kapu siili pa rediyeta koma pa khosi lapulasitiki la pakati pa paipi yapamwamba, ndipo khosi limeneli limathetheka chimodzimodzi.

Achiwiri ndi kumapeto kwa mapaipi, pansi pa makilampu. Musaiwale timapaipi ting'onoting'ono topita ku throttle body, pomwe pali kachitseko kolowetsa mpweya mu injini, ndi mapaipi awiri a hita olowa kukhoma la kumbuyo kwa injini, chifukwa amenewa sawayang'ana ndi munthu mpaka ataphulika.

Achitatu ndi pampu ya madzi, yomwe ili mbali ya lamba. Ili ndi kabowo kotulutsira madzi seal yake ikatha. Kankhanambo kochepa pamenepo sikoopsa, koma ikamadontha, kapena pule yake ikamagwedera mukaigwedeza lamba atamasulidwa, pampuyo yatha. Pa injini zomwe zakhala zikumwa madzi wamba, onaninso paipi yachitsulo yodutsa m'mbali mwa injini, imabooka ndi dzimbiri.

Pansi palibe dontho, koma madzi akutha. Akupita kuti?

Yambani ndi chotchipa, kapu ya rediyeta. Ili ndi nambala pamwamba, 0.9 kapena 1.1, yosonyeza pulesha yomwe imagwira, ndipo pogula ina mutenge ya nambala yomwe galimotoyo imafuna. Raba wake akang'ambika kapena sipuling'i ikafooka, madzi amathawira m'kathanki n'kutayika muli pa liwiro, inu osaona. Onaninso kapaipi kochoka pa khosi kupita m'kathanki, kakang'aluka madzi sabwerera injini ikazizira.

Kenako gwirani kapeti kutsogolo, pomwe pamaponda mapazi. Akakhala wonyowa, magalasi akumachita nkhungu yamafuta mkati, ndiye kuti karediyeta ka hita kamene kali kuseri kwa dashibodi kabooka.

Zonsezi zikakhala bwino, patsala gasiketi ya head. Zizindikiro zake ndi thovu lotuluka mosalekeza pa khosi la rediyeta injini ikulira, mapaipi olimba gwa patangopita mphindi zochepa mutaliza m'mawa, utsi woyera wonunkhira kutsekemera womwe sukutha ngakhale injini yatentha, ndi kunjenjemera polira koyamba. Pulagi imodzi ikaoneka yoyera bwino kuposa anzake, kawirikawiri ndiye kuti ikusambitsidwa ndi nthunzi. Ntchito imeneyo yakambidwa m'funso lomaliza.

Paipi ndingaisinthe bwanji ndekha?

Mufunika pulayala yaikulu, sikuludilaiva, beseni, mpeni wakuthwa ndi zinsanza. Injini ili yozizira, tsegulani kapu, muike beseni pansi, mumasule kampopi kapulasitiki ka kunsi kwa rediyeta ndi dzanja. Finyani kilampu ndi pulayala n'kuibweza m'mbuyo.

Paipi yakale imakhala itamatirira. Muipotoze uku ndi uku kuti ilekane ndi khosi, ndipo musaikoke mwamphamvu kapena kupisa sikuludilaiva pakati, chifukwa khosi lapulasitiki lakale lithyokera m'manja mwanu. Popeza paipiyo mukuitaya, ndi bwino kuicheka chamlitali ndi mpeni mosamala n'kuisenda. Palani nkhanambo yonse pakhosi kuti pasalale. Khosi lachitsulo likakhala ndi timaenje ta dzimbiri, paipi yatsopano ichuchanso pomwepo, ndiye lisintheni.

Lowetsani kilampu pa paipi yatsopano musanaiveke. Ikamavuta kulowa, inyowetseni ndi coolant, osati oyilo kapena girisi, chifukwa raba wa mapaipi amadzi amatupa ndi mafuta. Kankhani mpaka pothera, kilampu ikhale kuseri kwa kamzere kotukuka ka pakhosi, osati pamwamba pake. Onetsetsani kuti paipiyo siikukhuza lamba kapena fani. Pogula, nyamulani yakaleyo mukafananize, popeza galimoto za dzina limodzi zimasiyana mapaipi malinga ndi chaka.

Makilampu a sipuling'i ndi omanga ndi sikuluu, abwino ndi ati?

A sipuling'i, omwe anabwera ndi galimoto. Amavuta kugwira ndi pulayala, n'chifukwa chake ambiri amawataya, koma amathina okha raba akamafota ndi kufufuma. Omanga ndi sikuluu amakhala pomwe mwawasiyira. Mukamanga pang'ono pamachucha m'mawa, mukamangitsa amadula raba kapena kuphwanya khosi lapulasitiki. Ngati ndi okhawo omwe muli nawo, mangani mokwanira basi, mubwererenso kukawathina pang'ono patatha masiku angapo. Waya si kilampu, ndi wokufikitsani kunyumba kokha.

Thanki ya rediyeta yang'aluka. Ndimate ndi Pratley? Nanga dzira ndi mankhwala otsekera aja?

Kumata kungakutulutseni pa msewu, koma sikukonza. Pulasitiki ya thanki imafufuma ndi kufota tsiku ndi tsiku, zomatira sizigwira bwino pa iyo, ndipo mng'alu womwe mwauona ukutanthauza kuti thanki yonse yapsa. Okonza marediyeta ena amasintha thanki yokhayo n'kupindanso timano. Zimenezi zimathandiza ngati pakati pa rediyeta pali poyera, koma ngati timabowo ta mkati tatsekeka ndi dzimbiri, gulani ina. Rediyeta yakale yogula pa galimoto yophwasulidwa muione mtundu wa thanki yake, ikakhala yofiirira mwagula vuto lomwelo.

Dzira, sopo ndi ufa wa m'botolo zimatseka pobooka, inde, koma zimatsekanso timabowo ta rediyeta ndi ta hita. Ine sindilimbikitsa munthu kuthira zimenezi mu injini yomwe akufuna kukhala nayo. Pa galimoto ya automatic, kumbukirani kuti zambiri zili ndi timapaipi tiwiri ta mafuta a giyabokosi tolowa m'thanki yapansi. Posintha rediyeta mutitseke kuti fumbi lisalowe, ndipo mukamaliza muone mulingo wa mafutawo.

Kuno kulibe chipale, bwanji osangothira madzi apampopi?

Chifukwa coolant ili ndi ntchito zina ziwiri kupatula kuletsa kuundana. Imateteza zitsulo ku dzimbiri, ndipo imakweza mulingo womwe madzi amawirira. Madzi wamba amawira pa 100°C m'mphepete mwa nyanja yamchere, koma pamalo okwera ngati Lilongwe amawira cha pa 96 kapena 97°C, pamene injini imagwira ntchito cha pa 85 mpaka 95°C. Mpata wake ndi wochepa kwambiri. Coolant yosakaniza theka ndi theka, ili pansi pa kapu yabwino ya 1.1, imapitirira 120°C isanawire. Mukamakwera Thabwa kuchokera ku Chikwawa mu Okutobala galimoto itadzaza, kapena Chiweta muli kumbuyo kwa thiraki, mpata umenewo ndi womwe umakupulumutsani.

Madzi apamjigo ndiye oipa koposa, amasiya miyala m'timabowo. Posakaniza gwiritsani ntchito madzi a batire, aja osungunulira, osati asidi. Coolant ya pinki ya Toyota imabwera yosakaniza kale, musaisungunulenso, ndipo kampaniyo imati isinthidwe pa makilomita 160,000 koyamba, kenako pa 80,000 aliwonse. Yofiira yakale ija kawirikawiri imabwera yokhathamira ndipo imasinthidwa pafupipafupi. Mtundu wokha si umboni woti ziwiri n'zofanana, werengani botolo. Ngati simukudziwa zomwe zili mkati, khuthulani zonse, mutsuke, muthire yamtundu umodzi.

Yakaleyo musaitaye pabwalo kapena kuisiya m'beseni. Ndi yotsekemera koma ndi poizoni woononga impso, agalu amaimwa, ndipo mwana akaiona m'botolo la chakumwa aiyesa juwisi.

Ndasintha paipi, koma geji ya kutentha ikukwera ndi kutsika. Ndalakwitsa pati?

Mwatsala mpweya mkati. Imikani galimoto mphuno italoza kumtunda pang'ono, muike hita pa kutentha kwambiri. Injini ili yozizira, thirani pang'onopang'ono pa khosi mpaka padzaze, uku mukufinya mapaipi akuluakulu awiri aja kuti thovu lituluke. Dzazani kathanki mpaka pa FULL. Lizani injini kapu ili yotsegula, muziwonjezera madzi akamatsika. Thovu likachepa, madzi n'kuyamba kukwera pakhosi, tsekani kapu, muisiye ilire mpaka paipi yapansi itatentha ndipo fani italira n'kuzima. Zimitsani, idikireni izizire kotheratu, muonenso pakhosi ndi m'kathanki. M'mawa wa masiku otsatira muzionabe. Hita ikamatulutsa mphepo yozizira injini itatentha, mpweya udakalipo. Thovu likakana kutha, bwererani ku funso la madzi otha popanda dontho.

Amakaniko ena amati thermostat ndi ya mayiko ozizira, ichotsedwe. N'zoona?

Si zoona, ndipo chizolowezi chimenechi chawononga injini zambiri mwakachetechete. Thermostat ndi vavu yotseka njira ya madzi ya ku rediyeta mpaka injini itatentha, ndipo ya injini zimenezi imayamba kutsegula cha pa 82°C. Popanda iyo injini imachedwa kutentha, kompyuta imapitiriza kuthira petulo wambiri, oyilo amadetsedwa msanga, ndipo phala lomwe limatseka breather limachuluka. Galimoto ikamawira, chomwe chavuta n'china: rediyeta yotsekeka, fani, kapu, pampu, kapena thermostat yomwe yafa yofunika kusintha. Kuiyesa n'kosavuta, iikeni m'poto wa madzi pamoto, iyenera kutsegula madzi asanafike powira. Ili pomwe paipi yapansi imalowera mu injini. Poika yatsopano, kapini kogwedera kaja kaloze m'mwamba, raba akhale watsopano, ndipo manati ake ndi ang'onoang'ono, amangofuna cha pa 9 Nm pa torque wrench, sipanala yoyezera mphamvu yomangira. Mukakoka ndi mphamvu zonse muthyola.

Breather ndi chiyani, ndipo ikukhudzana bwanji ndi nkhani ya madzi?

Injini ikamalira, utsi pang'ono umadutsa m'mbali mwa mapisitoni n'kulowa kumene kuli oyilo. Ukapanda kutuluka umapanga pulesha. Kale unkangotayidwa panja, koma kuyambira m'zaka za m'ma 1960, poyambira ku California, galimoto zinayamba kuubweza kuti ukapsenso mu injini. Pa top cover, chivindikiro chomangidwa pamwamba pa head, pali mapaipi awiri. Imodzi ili ndi kavavu kotchedwa PCV ndipo imapita ku manifold, njira yolowetsa mpweya mu injini, komwe utsiwo umayamwidwa. Inayo imachokera ku paipi yaikulu ya air cleaner ndipo imalowetsa mpweya woyera.

Njira ya breather ndi ya madzi sizikumana mkati, koma kunja zimawonongana. Breather ikatsekeka, pulesha imakankha oyilo pa gasiketi ya top cover ndi pa ma seal, oyiloyo amagwera pa mapaipi amadzi, raba n'kufewa ndi kutupa mpaka kuphulika. Mukaona paipi yamadzi yotupa komanso yonata, musangoisintha, funani kumene oyilo akuchokera. Ndipo popeza zonse ndi raba ndi pulasitiki za msinkhu umodzi, china chikatha chinzake chili pafupi.

Ndidziwa bwanji kuti breather yavuta?

Zimatengera mmene yafera. Ikatsekeka, mumaona oyilo akuchucha malo angapo nthawi imodzi, dipstick ikudzuka yokha, kapena oyilo m'paipi ya air cleaner. Kavavu kakamatirira kali kotsegula, kapena paipi yake ikang'aluka, injini imayamwa mpweya wosawerengedwa. Pamenepo imanjenjemera ikaima pa idling, imalira kamluzu, nthawi zina imadya oyilo, ndipo nyali ya injini imatha kuyaka ndi khodi ya P0171. Mng'alu umakonda kubisala kunsi kwa popindika ndi kumapeto kwa paipi, choncho muipinde ndi zala mukuunika ndi tochi.

Kavavu ka PCV ndingakayese ndi kukasintha bwanji?

Chotsani chivindikiro chapulasitiki cha pamwamba pa injini, mutsatire paipi yochoka ku manifold mpaka pa top cover. Pa 1NZ-FE kavavuka ndi komanga ndi ulusi, mumamasula ndi sipanala. Pa injini zina zakale kamangolowetsedwa pa raba, ndipo rabayo akauma amathetheka, ndiye samalani kuti zidutswa zisagwere mkati. Mukakachotsa, kagwedezeni pafupi ndi khutu. Kabwino kamalira kuti keche keche, kotsekeka kamakhala chete. Kulirako sikutsimikizira zonse, chifukwa sipuling'i ikhoza kukhala itafooka. Vekani kapaipi koyera mupemerere: kuchokera mbali ya top cover mpweya udutse mosavuta, kuchokera mbali ya manifold uvute kudutsa.

Kutsuka ndi carb cleaner kumathandiza kwa kanthawi, koma kavavuka sikokwera mtengo, ndipo pa galimoto yomwe simukudziwa mbiri yake ndi bwino kungoika katsopano ka injini yomweyo. Timavavu timafanana kunja koma mkati timasiyana. Poika, yambani kupotoza ndi zala kuti ulusi ugwire bwino, popeza top cover ndi ya aluminiyamu. Pemereraninso m'mapaipi onse awiri, chifukwa kavavu katsopano pa paipi yodzaza phala sikathandiza.

Paipi ya breather yang'ambika. Ndingaike iliyonse, kapena kuitseka ndi bawuti?

Kutseka ndi bawuti ndiko kupanga dala vuto la breather yotsekeka. Kuisiya ikulendewera nakonso n'kolakwika, chifukwa paipi ya mpweya woyera ija imayamwa fumbi la m'misewu yathu n'kulilowetsa mu oyilo, pamene ya ku manifold ikakhala pululu injini siikhazikika. Paipi yothirira maluwa imafewa ndi kutentha n'kuphwatalala ikamayamwidwa, ndipo paipi ya madzi a injini imatupa ndi oyilo. Ngati yeniyeni yopindidwa kale sikupezeka, funani paipi yopirira mafuta ya kukula komweko, muiyendetse mopanda kuthyola ngodya.

Pansi pa kapu ya oyilo pali thovu la mtundu wa tiyi wamkaka. Ndiye kuti gasiketi yapsa?

Osati nthawi zonse. Galimoto yoyenda timaulendo tifupitifupi m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye, makamaka yochotsedwa thermostat kapena yotsekeka breather, imasunga chinyezi chomwe chimasakanikirana ndi oyilo pansi pa kapu. Pukutani, mukonze breather, muyende ulendo wautali, muonenso. Chodetsa nkhawa ndi pamene thovulo lili pa dipstick, mulingo wa oyilo ukukwera, ndipo madzi akutsika. Zikatero musaiyendetsenso.

Yawira ndili panjira, ndichite chiyani?

Zimitsani AC, muyatse hita mwamphamvu, mupatuke pamalo abwino msanga n'kuzimitsa injini. Musathire madzi ozizira pa injini kapena mkati mwake ikadali yotentha, aluminiyamu imang'aluka. Dikirani monga tanenera pa funso la kapu. Pangozi madzi oyera aliwonse ndi abwino kuposa kuyenda youma, mudzawakhuthula mukafika. Geji ikatsika yokha mwadzidzidzi pamene hita yasiya kutentha, musakondwe, mwina madzi atheratu ndipo sensa yatsala pouma.

Ndi ntchito iti yomwe ndiisiyire amakaniko?

Mapaipi, makilampu, kapu, thermostat, rediyeta ndi breather yonse mungathe pakhomo. Pampu ya madzi ya injini zimenezi ili kunja, yoyendetsedwa ndi lamba, ndipo munthu wodekha wokhala ndi zida angaisinthe, ngakhale malo ake ndi opanikiza. Karediyeta ka hita kamafuna kuphwasula dashibodi. Gasiketi ya head imafuna kuchotsa tcheni cha timing, kuyeza ngati head yapindika, ndi kumanga mabawuti motsatira ndondomeko ndi torque wrench. Musanalole kuti atsegule injini, pemphani kuti ayese kaye ndi pulesha, komanso ndi mankhwala abuluu oikidwa pa khosi la rediyeta, omwe amasanduka achikasu ngati utsi wa injini ukulowa m'madzi. Ndipo akamaliza, afunseni chomwe chinawiritsa galimotoyo poyamba, chifukwa gasiketi yatsopano pa rediyeta yotsekeka ipsanso.